Bokosi Ndi Mbali ya Chida: Kasungidwe ka Zikombole za Zipolopolo

Nkhani yathu lero ikuchokera kutali, m'magalaja ndi m'zipinda zogwirira ntchito za ku America, kumene alenje ndi anthu ochita mpikisano wowombera chandamale ali ndi luso lodzazanso zipolopolo zawo. Mfuti ikalira, chimene chimauluka ndi mutu wa chipolopolo wokha. Chigoba chake chamkuwa chimatsala, ndipo nthawi zambiri ndicho chodula kuposa zina zonse zimene zimapanga chipolopolo. N'chifukwa chake anthu amenewa sachitaya. Amachitola, kuchitsuka, kuchibwezera mu msinkhu wake n'kuchidzazanso. Ku America lamulo limalola zimenezi, ndipo ku South Africa lamulo la mfuti la chaka cha 2000 limalola munthu amene ali ndi laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake yomweyo. Kwathu kuno mfuti ndi zipolopolo munthu sakhala nazo popanda chilolezo cha boma, ndipo pulogalamu ino sikuphunzitsa wina aliyense kudzaza chipolopolo. Ndikufuna tilingalire funso limodzi limene amisiri a ntchitoyi amatsutsana nalo kawirikawiri: kodi chida chimene chimabwezera chigoba mu msinkhu wake chizisungidwa motani? Ine maganizo anga ndi akuti bokosi la chida chimenechi ndi mbali ya chidacho, moti amene wataya bokosi wayamba kale kuwononga chimene chinali m'katimo.

Chidachi eni ake amachitcha die. Ife tichitche chikombole, popeza ntchito yake ndi yomwe ija ya chikombole cha njerwa: chimene chalowamo chimatuluka ndi maonekedwe a m'kati mwake. Ndi kachitsulo kobooka ngati paipi, kunenepa kwake kungopitirira pang'ono masentimita awiri, ndipo kunja kwake kuli mazinga ngati a bawuti. Makampani pafupifupi onse amatsatira muyeso umodzi wa mazingawo, wa magawo 7 mwa magawo 8 a inchi ndi mizere 14 pa inchi iliyonse, kotero kuti chikombole cha kampani ina chimalowa bwinobwino m'makina a kampani ina. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako. Mfuti ikawomba, mphamvu ya wonga imafufumitsa chigoba mpaka kukakhudza makoma a m'kati mwa mfuti. Kuti chidzalowenso, chimakankhidwira m'chikombole ndi makina opanira, n'kufinyika kubwerera mwakale. Chikombole china ntchito yake ndi kukhazika mutu wa chipolopolo pa kuya koyenera. Za mfuti zazitali nthawi zambiri zimagulitsidwa ziwiriziwiri, za mfuti zazifupi zam'manja zitatu kapena zinayi. Miyeso ya ntchitoyi imawerengedwa m'magawo a inchi yogawidwa ka 1,000, ndipo gawo limodzi lotere ndi mamilimita 0.025. Tsitsi la m'mutu mwanumo ndi lonenepa kuposa pamenepo. Ku America miyeso ya zigoba imakhazikitsidwa ndi bungwe la SAAMI, limene linayamba mu 1926. Njerwa ikapotoka pang'ono, womanga amabisa ndi matope. Chigoba chikapotoka pang'ono chimakana kulowa mu mfuti, kapena chimalowa mosakhazikika, pamene mphamvu yodikira m'katimo ndi yoti munthu sasewera nayo.

Wolowa m'chipinda cha mmisiri wotere amayamba waona mitundu ya mabokosi pa shelefu. Obiriwira ndi a RCBS, kampani imene Fred Huntington anayambitsa ku Oroville, California, mu 1943. Ofiira ndi a Hornady ya ku Grand Island, Nebraska, komanso a Lee Precision ya ku Hartford, Wisconsin. Redding ya ku Cortland, New York, nayonso ili ndi obiriwira ake, pamene Dillon ya ku Scottsdale, Arizona, imadziwika ndi mtundu wabuluu. Mutati mutsegule limodzi mwa mabokosi apulasitikiwa, mungapeze kuti chikombole chilichonse chili ndi pogona pakepake, potchingidwa kuti chisakhudzane ndi chinzake, ndipo kumapeto kwa bokosi kuli kapepala kotchula mtundu wa chipolopolo. Makampani amenewa amalimbirana makasitomala ndipo amachepetsa mtengo paliponse pamene angathe. Kukanakhala kuti thumba lanayiloni limakwanira, akanakhala atasiya kalekale kuumba mabokosi. Sanasiye chifukwa akudziwa kuti chimene akugulitsa n'chosachedwa kuwonongeka, ngakhale m'manja chimamveka cholemera ndi cholimba.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri, ndipo kuipa kwake n'kwakuti limayambira kumene maso safika. Zikombole zambiri n'zachitsulo cholimba chosapakidwa penti, ndipo m'kati mwake anasalazamo mpaka kunyezimira ngati galasi. Chitsulo chotere chimagwira dzimbiri msanga chinyezi cha mumpweya chikadutsa pafupifupi 60 peresenti, ndipo galaja ndi malo oipitsitsa osungiramo. Usiku kumazizira, m'mawa n'kutentha, chitsulo chozizira chija n'kuyamba kuchita thukuta monga limachitira botolo lochokera mufiriji. Onjezeranipo mchere wa thukuta la m'zala za amene wachigwira, ndi mafuta amene amapaka pa chigoba kuti chisakanirire, amene amatsalira m'kati n'kumamata fumbi ndi tizidutswa ta mkuwa. Kunja chikombole chimaonekabe bwino, chikomekome cha mkuyu, koma m'kati mwamera kadontho kofiirira. Kadonthoko kangakhale kochepa ngati njere ya mawere, koma chigoba chilichonse chodutsapo chimatuluka ndi mzere wokandika m'mbali mwake, pamalo amodzimodzi, chigoba ndi chigoba, kaya zikhale mazana angati. Wina anganene kuti imeneyo si nkhani, angopalamo ndi sandipepa. Komatu kupala ndi kuchotsa chitsulo, ndipo chikombole chimene chachotsedwa chitsulo m'kati chayamba kutalikirana ndi muyeso wake. Dzimbiri lapamwamba limapukutika. Limene ladya n'kusiya dzenje silibwezeka, chimatsala n'kugula china.

Palinso kugundana. Amene amaponya zikombole zonse m'dilowa imodzi, monga timachitira ndi misomali ndi mabawuti akale m'chitini, amaziombanitsa nthawi iliyonse akatsegula ndi kutseka. Mazinga amaphwanyika, ndipo mazinga ophwanyika a chitsulo cholimba amakadya mazinga a makina opanira, amene ndi odula kwambiri. Pansi pa chikombole chofinyira pamatuluka kasingano kochotsera kabatani koyatsira wonga kamene kanaphulika kale, ndipo kasinganoko kamapindika kapena kuthyoka kakangogunda pena. Zikombole zambiri za mfuti zazifupi zili ndi mphete ya carbide pakamwa, chinthu cholimba kuposa chitsulo koma chosweka ngati mbale yadothi chikagwa pa simenti.

Tsono pali chinthu china chimene bokosi limasunga, chimene sichigwirika ndi manja, ndipo ndicho ine ndimachiona kuti n'chamtengo wapatali kuposa chitsulocho. Chikombole chatsopano sichikhala chokonzeka kugwira ntchito. Mwini wake amachizunguza m'makina pang'onopang'ono, kutsitsa, kuyesa chigoba, kukweza, kuyesanso, mpaka atapeza pamene chigobacho chikulowa bwino mu mfuti yake. Akapapeza amamanga mphete imene ili pa mazinga, kuti tsiku lina chikombolecho chidzaime pomwepo. Kumbukirani kuti pa inchi pali mizere 14. Izi zikutanthauza kuti kuzungulira kumodzi kwa mpheteyo kumasuntha chikombole ndi mamilimita pafupifupi awiri, pa ntchito imene imawerenga magawo a milimita. Mphete ikangoseguka ndi kachigawo kochepa ka kuzungulira, ntchito ya madzulo onse yapita. Mphete zake n'zosiyanasiyana: zina zimamangidwa ndi kasikuluwu kam'mbali, zina zimapana mazinga mozungulira, pamene za Lee zimagwira ndi kalabala kozungulira, ndipo zotere zimasuntha mosavuta zikamagubuduzika pakati pa zitsulo zina. Chikombole chogona pamalo pake m'bokosi palibe chimene chimakhudza mphete yake. Chimene chili m'dilowa chimatuluka chikuoneka chimodzimodzi ndi momwe chinalowera, ndipo mwini wake amazindikira kuti chasintha ataononga kale zigoba zingapo.

Tibwerere ku mazinga aja amene ali ofanana pa zikombole zonse. Ubwino wake ndi woonekeratu, koma kuipa kwake n'kwakuti makina sakana chikombole cholakwika. Chilichonse chimalowa. Ndipo mayina a zipolopolo ndi osokoneza ngakhale kwa munthu wozolowera. Pali .222 Remington ndi .223 Remington, kusiyana kwake nambala imodzi. Pali .308 Winchester ya mu 1952, imene chigoba chake chinabala .243 Winchester mu 1955 ndi 7mm-08 Remington mu 1980, zonse zofanana thupi, zosiyana pakhosi. Pali .30-06 Springfield ya mu 1906 ndi abale ake, .270 Winchester ndi .280 Remington. Zikombole za zonsezi mukaziika pamodzi pa tebulo zimafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Ngakhale pa chipolopolo chimodzi pamakhala chikombole chofinya chigoba chonse ndi china chofinya khosi lokha, kunja kwake osasiyana. Vuto limakula ndi tizitsulo ting'onoting'ono toyendera limodzi ndi zikombolezo. Tengani kachitsulo kogwirira chigoba kumatako, kamene eni ake amati shell holder. Kamene kamagwira chigoba cha .308 ndi .30-06 a RCBS amakapatsa nambala 3, a Lee nambala 2, a Hornady nambala 1. Munthu akapeza kachitsulo kolembedwa 2 pansi pa dilowa, nambala yokhayo siyimuuza kanthu asanadziwe kampani yake. Komanso chikombole chimene chinatcheredwa ndi kogwirira kena chingafinye mosiyanako pang'ono chikakumana ndi kogwirira ka kampani ina. Ndiye chifukwa chake amisiri osamala amagula kogwirira kakekake ka bokosi lililonse, ngakhale kamodzi kakanatha kutumikira mabokosi asanu.

Apa wina atsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Anena kuti dzina la chipolopolo linadindidwa kale pa chikombole chenichenicho, ndiye bokosi ndi kapepala n'zachiyani? N'zoona kuti linadindidwa. Koma zilembozo n'zazing'ono, zosapakidwa mtundu, ndipo zimawerengedwa ndi munthu wotopa, madzulo, pa kuwala kwa babu limodzi. Kuposa apo, chidindo chimatchula za kufakitale zokha. Sichinena kuti chikombolechi chinatcheredwa pa mfuti iti mwa ziwiri za mtundu umodzi zimene mwini wake ali nazo, kapena pa mutu wa chipolopolo wolemera bwanji. Chitsanzo chomveka ndi .38 Special ndi .357 Magnum. Zipolopolo ziwirizi zimagwiritsa ntchito zikombole zimodzimodzi, ndipo mayina onse awiri amadindidwa pamodzi, chikhalirecho chigoba cha .357 n'chotalikirapo ndi mamilimita atatu ndi pang'ono. Chidindo sichingakuuzeni kuti mwezi watha munasiyira pa chiti. Kakhadi kolembedwa ndi dzanja, kokhala m'bokosi momwemo, ndiko kangakuuzeni: tsiku, mfuti, mutu wa chipolopolo, kutalika kwake. Ambiri amaikamonso chipolopolo chachitsanzo chopanda wonga ndi chopanda koyatsira, cholembedwa ndi inki yosafufutika, choti akafuna kubwezera chikombole pamalo pake amangochitsitsira pa chitsanzocho mpaka chikhudze. Zinthu zimenezi zimafuna nyumba yokhala ndi chivundikiro. Pa shelefu yapoyera kakhadi kamauluka ndi mphepo, chitsanzo n'kugubuduka kukasakanikirana ndi zina.

Kutsutsa kwina n'kwa anthu okonda liwiro. Iwo amaboola mabowo pa thabwa n'kuimika zikombole zonse m'mizere pakhoma, kuti akafuna chimodzi angotambasula dzanja. Ndivomereze kuti thabwa lotere limaoneka bwino, ndipo kwa munthu wa ku Arizona kapena ku Karoo, kumene mpweya ndi wouma, amene amagwiritsa ntchito zikombole zomwezo sabata ndi sabata, lingamutumikire zaka zambiri. Koma anthu ambiri sali otero. Mlenje amadzaza zipolopolo zake nyengo yosaka ikayandikira, kenako chikombole chimakhala miyezi khumi osakhudzidwa. Ku Florida, ku Louisiana kapena ku Durban, miyezi khumi ya chinyezi cha kunyanja ndi yokwanira kumeretsa kadontho kaja. Chikombole choimika chimakhalanso njira ya fumbi, ndipo m'galaja momwe anthu amapala matabwa ndi kunola zitsulo fumbilo limakhala ndi mchenga. Thabwalo nalo lili ndi zake. Mtengo umamwa chinyezi n'kuchisunga pomwe pakhudza mazinga, ndipo mitengo ina, monga oak, imatulutsa asidi amene amadya zitsulo, moti osunga zinthu zakale m'nyumba zachionetsero amaupewa akamasunga zachitsulo. Liwiro limene thabwa limapulumutsa ndi la masekondi ochepa otsegulira chivundikiro. Ine sindikuona kuti masekondi amenewo angalipire chikombole chimodzi chokandika.

Dandaulo limene ndimalimvetsa kwambiri ndi la amene amati bokosi la kufakitale linasiya kutsekeka. Izi zimachitikadi. Makina amakono ali ndi njira zosinthira zikombole msanga, monga Lock-N-Load ya Hornady ndi Breech Lock ya Lee, pamene chikombole chimavekedwa kolala yokhalitsa imene imangolowetsedwa m'makina ndi kupotoza pang'ono. Kolalayo imanenepetsa chikombole, ndipo mabokosi ena akale amakana kutseka. Ena amasintha mphete n'kuika yaikulu, zotsatira zake n'zomwezo. Pa makina a Dillon zikombole zonse za chipolopolo chimodzi zimakhala zomangidwa pa mutu umodzi wochotseka, umene sungalowe m'kabokosi kalikonse. Apa yankho lolakwika ndi kuchotsa kolala kapena kumasula mphete kuti chivundikiro chitseke, chifukwa kutero ndi kutaya kutchera kuja pofuna kusangalatsa pulasitiki. Bokosi ndilo liyenera kusintha. Makampani monga MTM ya ku Dayton, Ohio, amapanga mabokosi apulasitiki a ntchito zoterezi, ndipo ngakhale bokosi wamba la zigawozigawo, longa limene asodzi amasungiramo mbedza, limakwanira malinga chikombole chilichonse chili ndi chipinda chake ndipo chivundikiro chikutseka. Mutu wa Dillon umaimikidwa pa choimikira chake n'kuvindikiridwa, kakhadi kake kali pomwepo. Chimene ndingachenjeze n'chakuti ambiri pofuna kuti zisagwedere amayalamo siponji. Siponji yofewa yamabowo imamwa chinyezi n'kuchigoneka pa chitsulo usana ndi usiku, moti chikombole chimatuluka ndi dzimbiri mbali imene chinagonera.

Zimenezi zikutifikitsa pa kutsutsa kwamphamvu kuposa konse, kwakuti bokosi lenilenilo lingathe kutsekera chinyezi m'kati. N'zoona, ndipo amene amakhulupirira kuti kutseka chivundikiro ndiye kwatha adzakhumudwa. Mabokosi a kufakitale amatchinga fumbi ndi kugundana, koma mpweya umalowa ndi kutuluka. Chikombole chimene chalowa chili ndi zala zathukuta ndi mafuta akale chimachita dzimbiri m'bokosi momwemo. Choncho chisanagone chiyenera kumasulidwa ndodo yam'kati, kupukutidwa ndi kansalu koyera, n'kupakidwa oyilo wochepa kwambiri kunja ndi m'kati. Oyiloyo adzapukutidwenso tsiku logwiritsa ntchito, chifukwa mafuta ochuluka m'chikombole amasowa kothawira n'kusiya timaenje paphewa pa chigoba. Kumadera achinyezi amaonjezera timatumba ta silica gel, tomwe tija mumatipeza m'bokosi la nsapato zatsopano kapena m'botolo la mankhwala. Timatumbato timagwira ntchito m'chotengera chotseka mpweya mokha, apo ayi timangomwa chinyezi cha chipinda chonse n'kukhuta m'masiku ochepa. Ndiye chifukwa chake ambiri amalongedza mabokosi awo ang'onoang'ono m'bokosi lachitsulo la asilikali lokhala ndi labala pachivundikiro. Silica gel ina ili ndi timikanda tosintha mtundu tikakhuta, ndipo imaumitsidwa mu uvuni n'kugwiranso ntchito. Palinso mapepala apadera amene amatulutsa mpweya woteteza chitsulo ku dzimbiri. Ndingoti pano mwachidule, popeza ndi nkhani ya moyo: bokosi lachitsulo lotseka mpweya limene lili labwino kwa zikombole ndi loopsa kwa wonga. Wonga umasungidwa m'chotengera chake cha kufakitale, m'kabati yoti itha kutsegukira yokha moto utabuka, kutali ndi timabatani toyatsira.

Za kandandalikidwe pa shelefu sindichulukitsa mawu, chifukwa njira iliyonse imene mwini wake angaitsatire osaphonya ndi yabwino. Ambiri amayambira pa chipolopolo chaching'ono kukathera pa chachikulu, za mfuti zazitali kwina, za zazifupi kwina, dzina litalembedwa ndi zilembo zazikulu kumbali imene imaonekera bokosi likasanjikizidwa. Kusanja potsata mtundu wa bokosi kumakongola koma kumamwaza zikombole za chipolopolo chimodzi m'malo atatu. Chizolowezi chimene ndingachiike patsogolo pa zonse ndi chakuti pa tebulo pazikhala bokosi limodzi lokha lotsegula. Mmisiri akamaliza ndi .308, chikombole chilichonse chibwerere pogona pake, kogwirira kalowe, chitsanzo chilowe, kakhadi kalembedwe tsiku, chivundikiro chitsekeke, bokosi likwere pa shelefu, ndipo pamenepo m'pamene la .243 lingatsike. Malo opanda kanthu m'bokosi amaoneka msanga, ndipo amauza munthu kuti chikombole china chatsalira m'makina asanazimitse babu.